Chikalata cha subpoena pa mlandu umene si wanu: yankho kwa mayi wa ku Indiana

Mayi ena amene ali ndi kampani yaing'ono yosamalira okalamba m'makomo mwawo ku Indiana, m'dziko la America, andilembera imelo. Wantchito wawo wakale wasumira kampani ina pa nkhani ya malipiro, ndipo loya wa kampaniyo wawatumizira chikalata cha subpoena, chimene chimalamula munthu kupereka mapepala kapena umboni pa mlandu, chofuna mapepala a maola amene munthuyo ankagwira, malipiro ake, mauthenga a pafoni, ndiponso ndandanda ya okalamba amene ankawasamalira. Akufunsa ngati angangochisiya chikalatacho poti mlandu si wawo, ndipo ngati sangatero, ngati ayenera kupereka zonse.

Mayi, musachisiye, koma musathamangirenso kupereka zonse. Poyamba yang'anani pamwamba pa chikalatacho. Ngati palembedwa United States District Court, mlandu uli ku khothi la boma lalikulu la America, ndipo lamulo lolamulira nkhaniyi ndi Rule 45 ya Federal Rules of Civil Procedure (malamulo oyendetsera milandu yosumirana m'makhothi a boma lalikulu), limene ndilongosole pano. Makhothi a boma la Indiana ali ndi malamulo awoawo, choncho masiku amene nditchule asawerengedwe ngati mlandu uli kumeneko. Musadabwenso poona kuti wasaina ndi loya osati woweruza, chifukwa lamulolo limalola loya kutulutsa chikalatachi m'dzina la khothi, ndipo munthu amene wachinyalanyaza popanda chifukwa chomveka akhoza kuimbidwa mlandu wonyoza khothi.

Chimene anthu ambiri amaluza nacho ndi nthawi. Ngati mukukana kupereka mapepala ena, kukana kwanuko kuyenera kulembedwa ndi kutumizidwa kwa loya amene watchulidwa pachikalatacho pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku limene munachilandira, kapena lisanafike tsiku loperekera mapepala ngati tsikulo lili pafupi kuposa pamenepo. Mukatero, mpira umabwerera kwa iwo: sangakukakamizeni kufikira atapita kukapempha woweruza wa m'dera lanu kuti alamule, ndipo woweruzayo akalamula, ayenera kukutetezani kuti musawononge ndalama zambiri pa mlandu wa eni. Loya amene watumiza chikalata ali ndi udindo wopewa kukusenzetsani katundu wopyola muyeso, ndipo akaphwanya udindowu khothi likhoza kumulipiritsa ndalama zimene mwataya posiya ntchito kapena polipira loya wanu. Mukakhala chete masiku 14 aja n'kudutsa, makhothi ambiri amaona ngati mwavomera.

Pa zinthu zimene akufuna, ndandanda ya okalamba ija ndi imene ikundidetsa nkhawa. Maola ndi malipiro a wantchito n'zosavuta kuzilungamitsa pa mlandu wa malipiro, koma pepala lokhala ndi dzina la gogo wina, adiresi yake, mankhwala amene amamwa m'mawa ndi matenda ake si lanu loti mungopereka. Ngati kampani yanu ili pansi pa lamulo la HIPAA la 1996, loteteza chinsinsi cha zaumoyo wa anthu, chikalata chosainidwa ndi loya yekha sichikwanira: ofunawo ayenera kusonyeza kuti ayesetsa kudziwitsa eni ake, kapena kuti apempha khothi chigamulo choteteza chinsinsi cha mapepalawo. Nthawi zambiri nkhani imatha loya wanu akaimbira foni mnzakeyo n'kugwirizana kuti mayina afufutidwe, ndiponso kuti m'malo mwa mapepala a zaka zonse mupereke a miyezi imene ikukhudza mlanduwo. Zimene munakambirana ndi loya wanu pofuna uphungu n'zotetezedwa, koma muyenera kunena poyera kuti mwazisunga ndi kuzifotokoza mwachidule, osati kungozibisa.

Ngati akungofuna mapepala, sikofunika kuti inuyo mukaonekere. Ngati akufunanso kuti mukapereke umboni molumbira, kawirikawiri sangakuitanireni kutali kuposa mamailosi 100, pafupifupi makilomita 160, kuchokera kumene mumakhala kapena kugwira ntchito, ndipo pokupatsani chikalatacho ayenera kuperekanso madola 40 a tsiku limodzi pamodzi ndi ndalama ya mayendedwe. Ndalamayo ndi yochepa kwa munthu amene wasiya bizinesi tsiku lonse, koma ndi imene lamulo linaika. Dziwaninso kuti kalata yokana ija siigwira ntchito pa kuitanidwa kukapereka umboni; pamenepo pamafunika kupempha khothi kuti lithetse kapena kusintha chikalatacho tsikulo lisanafike.

Kuyambira lero musafufute kanthu, ngakhale uthenga wa pa WhatsApp umene mukuuona ngati wopanda pake, ndipo ngati foni yanu inatcheredwa kuti izifufuta yokha mauthenga akale, zimitsani zimenezo. Lembani tsiku limene chikalatacho chinakufikani, sungani envulopu yake, ndipo mukaonane ndi loya wa ku Indiana sabata yomwe ino.