Kodi “Executive” Timutche Mkulu? Funso Lochokera ku Mufakose

Funso: Ndine bambo wa ana anayi ndipo ndimakhala ku Mufakose, konkuno ku Harare. Mwana wanga wamkazi woyamba wapeza ntchito pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Msasa, ndipo pa kalata imene amupatsa alembapo kuti iye ndi “Customer Experience Executive”. Agogo ake, omwe ndi amayi anga, atafunsa kuti mdzukulu wawoyo akugwira ntchito yanji, tonse tinasowa chonena. Mlamu wanga akuti tizingonena kuti ndi “mkulu woona za makasitomala”, ndipo akufuna kuti mlembi wa mpingo alengeze choncho Lamulungu likubwerali pamene tikukapereka chithokozo. Koma mwanayo akuti ntchito yake ndi kuyankha mafoni ndi mauthenga a pa WhatsApp ochokera kwa anthu odandaula, ndiponso palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene ali pansi pake. Kodi Chichewa cholondola ndi chiti?

Yankho: Bambo, ndiyambe ndi kukondwera nanu, chifukwa ntchito ya kalata yake ndi malipiro a mwezi ndi mwezi si chinthu chimene mwana amachitola panjira mu Harare wa masiku ano, ndipo chithokozo chimene mukukapereka ku tchalitchi n'choyenera. Funso lanu landisangalatsa kwambiri, pakuti lakhudza nkhani imene ndakhala ndikuidandaula kwa zaka zambiri. Mawu a alamu anu ndi ochokera mumtima wabwino, koma ali ndi zilema ziwiri: china chili pa liwu loti “mkulu”, china chili pa mawu oti “woona za”.

Tiyambe taona mmene Chichewa chimatchulira munthu wantchito. Chiyankhulo chathu chimatenga mneni, ndiye kuti chimene munthuyo amachita ndi manja kapena pakamwa pake, n'kuumba dzina kuchokera pamenepo. Wolima ndi mlimi, wolemba ndi mlembi, wosodza ndi msodzi, wolonda ndi mlonda, wophunzitsa ndi mphunzitsi, wolangiza ndi mlangizi, wolalika ndi mlaliki, ndipo wosunga chuma cha gulu ndi msungichuma. Mukamva dzinalo mwamva kale ntchito, ndipo ngakhale mwana wa sitandade 2 akhoza kukuuzani chimene munthuyo amadzukira m'mawa. Ngakhale liwu loti mbusa, limene tsopano timalilemekeza pa guwa, ndi la munthu wotsata ziweto ku dambo, ndipo ulemu wake wonse umachokera pa ntchito yosamala nkhosa imene liwulo likunena. Ine ndimakhulupirira ndithu kuti “namwino” ndi limodzi mwa mayina okoma koposa amene tili nawo, chifukwa khutu langa limamvamo ubwino umene wodwala amalandira kwa munthuyo. Choncho Mchewa akafunsa kuti “amagwira ntchito yanji?” amayembekezera mneni, ndipo n'chifukwa chake agogo anakusowetsani chonena. Dzina la Chingerezilo lilibe mneni woti muwapatse.

Tsono liwu loti “mkulu” si lopepuka ayi. Kwathu mkulu amakhala mkulu pa anthu ena: mkulu wa mpingo ali ndi nkhosa zimene amaziyendera, mkulu wa sukulu ali ndi aphunzitsi amene amawayang'anira, ndipo mkulu wa pabanja ndiye amene timamudzutsa usiku kukagwa zovuta. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, kutanthauza kuti ukulu umabwera ndi milandu yake. Mukalengeza pamaso pa mpingo kuti mwana wanu ndi mkulu pa kampani, dziwani kuti Lolemba lomwelo kudzafika achibale atanyamula makalata ofunsira ntchito a ana awo, a bungwe la maliro adzayembekezera kuti chopereka chake chikwere, ndipo akadzalephera kuthandiza anthu adzati mwana wa uje wayamba kunyada. Mudzakhala mutamusenzetsa mtolo umene malipiro ake sangaunyamule, pa chifukwa cha liwu limodzi lokha lomasuliridwa mopupuluma.

Chilema chachiwiri ndicho chimandipweteka kwambiri. Mawu oti “woona za” afalikira ngati kaufiti m'munda wa chimanga. Ndikatchera nkhani za pa wailesi zochokera ku Malawi kudzera pa intaneti, ndimamva za mkulu woona za chitukuko, mkulu woona za malonda, wachiwiri kwa mkulu woona za maubale, mpaka nkhani yonse kutha osamva munthu mmodzi amene akuchita kanthu. Onse akungoona. Komatu kuona si ntchito, pakuti nayenso wodutsa m'njira amaona. Kale tinkati woyang'anira, ndipo liwu limeneli lili ndi mano, chifukwa woyang'anira nkhokwe amafunsidwa chimanga chikasowa, pamene “woona za nkhokwe” akhoza kunena kuti iye anaonadi pamene chinkatuluka. Ndikudziwa kuti atolankhani amagwira ntchito mothamangitsana ndi nthawi, ndipo “woona za” ndi thumba limene amaponyamo dzina lililonse la Chingerezi limene lawakanika. Sindikuti mawuwa afafanizidwe m'chiyankhulo, chifukwa pa unduna kapena nthambi ya boma, monga unduna woona za umoyo, amakhala bwino ndithu. Koma pa munthu mmodzi wokhala ndi ntchito yodziwika, mawuwa amaphimba chimene tikanayenera kuchionetsa.

Chodabwitsa n'chakuti nawonso mawu a Chingereziwo anayamba ali ndi mneni mkati mwake, kenaka eni ake anamuiwala. “Executive” amachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kutsatira chinthu mpaka chitachitika, choncho poyamba ankanena za wokwaniritsa zimene zalamulidwa. “Manager”, amene ife timati manijala, amachokera ku liwu la Chitaliyana lonena za kugwira ndi kuwongolera kavalo, ndipo muzu wake ndi liwu lotanthauza dzanja. “Officer” amachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza ntchito imene munthu wapatsidwa kuti atumikire nayo. Onsewa ndi mawu a thukuta, koma lero amawamata pa khomo la ofesi ngati nyota za msilikali, ndipo kampani imodzi ikhoza kukhala ndi ma “executive” makumi awiri okhala m'chipinda chimodzi, aliyense ndi foni kukhutu.

Komabe sindifuna kuti muganize kuti ndikunyoza achinyamata amene amakondwera ndi mayina otere, chifukwa ndikudziwa kumene njala ya dzina inachokera. Bambo anga anabwera kuno kuchokera ku Ntcheu m'masiku a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chija chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963, mzinda uno ukutchedwabe Salisbury. Anagwira ntchito yophika m'nyumba ya mzungu wina ku Avondale kwa zaka zoposa makumi awiri. Ndikukumbuka tsiku lina ndili mwana nditawatengera uthenga kuchokera kwa amayi, ndinaima pa khomo la kukhitchini n'kuwaona atavala yunifolomu yoyera youma ndi sitachi, imvi zili mbuu m'mutu, akutulutsa buledi mu uvuni, ndipo kamwana ka m'nyumbamo, kamsinkhu wanga, kanawaitana kuti “boy”. Iwo anayankha mwaulemu, koma sanandiyang'ane kumaso mpaka ndinachoka. Mayina a ntchito a m'badwo umenewo anali kukiboyi, gadeniboyi ndi ena otero, mayina ochepetsa munthu wamkulu wa ndevu zake kuti akhale mnyamata mpaka kumanda. Pamwamba pa onsewa panali maudindo awiri amene makolo athu ankawasirira. Wina anali kapitawo, liwu limene tinalitenga kwa Apwitikizi, lochokera ku muzu wotanthauza mutu, ndipo m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje likumvekabe. Wina anali kalaliki, kuchokera ku “clerk”, liwu limene kwawoko poyamba linkanena za munthu wa tchalitchi, popeza kale ku Ulaya odziwa kulemba ambiri anali a tchalitchi. Anzathu a Chishona ankati mabharani. Munthu akakhala kalaliki, wovala tayi ndi cholembera m'thumba la malaya, mbiri yake inkafika mpaka kumudzi. Choncho mdzukulu wa kukiboyi akalandira kalata yomutcha “executive”, mtima wake ukadumpha, ine ndimamumvetsa ndi mtima wonse.

Chimene ndikukana ndi chakuti dzina lilowe m'malo mwa malipiro. Ife a mu Harare sitifunika kuphunzitsidwa za chinthu chimene chimakula pa pepala chikuchepa mphamvu. Tinadutsa mu 2008, pamene mitengo ya zinthu inkakwera tsiku ndi tsiku, ndipo kumayambiriro kwa 2009 tinagwira m'manja ndalama yapepala imodzi yolembedwa madola 100 thiriliyoni, imene sinkatha kudzaza ngakhale kadengu ka ku msika wa Mbare. Mayina a maudindo akuyenda njira yomweyo. Pa kampani ina yosindikiza mabuku imene ndinkagwirako ntchito yowerenga ndi kukonza zolembedwa m'zaka zimenezo, tinapempha kuti atikwezere malipiro, ndipo patapita milungu ingapo tinalandira makalata otiuza kuti tonse asanu tsopano ndife ma “senior editor”. Tebulo linali lomwelo, mpando wothyoka mwendo womwewo, envelopu ya kumapeto kwa mwezi yomweyo, ndipo panalibe wamng'ono aliyense woti ife tikhale akulu ake. Mnzanga wina, bambo wa ana asanu, anaipinda kalatayo bwinobwino n'kuiika m'thumba, nati akaionetse kwa mwininyumba aone ngati ailandire m'malo mwa lendi. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Taonaninso zimene zachitikira liwu loti “shefu”, limene linabwera kuno ndi omenyera ufulu ochokera ku Mozambique, kuchokera ku liwu la Chipwitikizi lotanthauza mtsogoleri. Nditangoyamba ntchito, shefu anali munthu wa galimoto ya boma ndi womuyendetsa wake, koma lero woitanira maminibasi pa siteji ya Copacabana amatcha shefu aliyense amene ali ndi dola m'manja. Kumudzi nako “bwana” wayenda ulendo womwewo. Liwu likapatsidwa kwa aliyense limasiya kulemekeza aliyense, ndipo ine sindifuna kuti “mkulu” wathu afe imfa yomweyo.

Palinso chifukwa china chimene ife a kuno tiyenera kusamalira mawu athu. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, chinthu chimene makolo athu, amene ankatchedwa mayina onyoza m'mafamu ndi m'migodi, sanachilote n'komwe. Ana athu obadwira ku Mufakose, ku Mabvuku ndi ku Dzivaresekwa amayankhula Chishona kusukulu ndi Chingerezi kuntchito, ndipo Chichewa amachimva kwa agogo ndi ku tchalitchi basi. Ngati Chichewa chochepa chimene akumvacho chikhala cha “mkulu woona za”, adzakula akuganiza kuti chiyankhulo chathu ndi chifunga chokhachokha, chosatha kutchula chinthu ndi dzina lake.

Tsono chigamulo changa ndi ichi. Pa kalata ya ntchito, pa chitupa cha kuofesi ndi pa mapepala ofunsira ntchito ina m'tsogolo, dzina la Chingerezilo likhale monga analilembera, chifukwa ndi limene olemba ntchito amalidziwa ndipo mwana wanu asataye mwayi pa chifukwa cha ine. Koma poyankhula Chichewa musamasulire dzinalo liwu ndi liwu, masulirani ntchitoyo. Funsani kuti munthuyu akafika m'mawa amachita chiyani, ndipo mneni amene mwapezayo ndiye dzina lake. Mwana wanu ndi wothandiza makasitomala, kapena wolandira madandaulo a ogula, ndipo mwa awiriwa ine ndingasankhe loyambalo, chifukwa kuthandiza ndiko cholinga, pamene kulandira madandaulo ndi njira chabe. Liwu loti kasitomala ndalilola, pakuti linakhazikika kale m'misika yathu ndipo amayi ogulitsa tomato amalitchula tsiku ndi tsiku, ngakhale kuti “ogula” ndi lathulathu ndipo pa guwa lingamveke bwino koposa. Muyeso womwewu muugwiritse ntchito pa mayina ena onse amene ana akubwera nawo kunyumba: amene amayenda m'masitolo kutsatsa katundu ndi wotsatsa malonda ngakhale kalata itamutcha “brand ambassador”, ndipo liwu loti kazembe tilisiyire amene akuimira dziko la Malawi kuno ku Harare. Tsiku limene mwana wanu adzapatsidwe anthu oti aziwagawira ntchito ndi kuwayankhira milandu, mudzamutche woyang'anira, ndipo akadzafika potsogolera nthambi yonse, pamenepo alamu anu adzalengeze za mkulu ndi mawu okweza.

Kwa mlembi wa mpingo mukapereke kapepala kolembedwa kuti banja likuthokoza Mulungu chifukwa mwana wawo wapeza ntchito yothandiza ogula pa kampani yogulitsa zipangizo zomangira nyumba. Kwa agogo, khalani nawo pansi muwauze motere: “Amayi, munthu akagula malata kapena simenti n'kupeza kuti katunduyo wachedwa kufika kapena wafika wowonongeka, amaimba foni ali wokwiya, ndipo amene amamuyankha, kumukhazika mtima pansi ndi kulondola nkhaniyo mpaka itakonzeka ndi mdzukulu wanuyu.” Ndili ndi chikhulupiriro kuti agogo adzagwedeza mutu n'kunena kuti mwanayo anali woleza mtima chiyambire ali wamng'ono.