Kodi Mkhristu Angaweruze Agogo Ake Amene Anazunza a Mboni?

Mayi wina wa ku Luchenza wanditumizira imelo yofunsa ngati nkoyenera kuweruza malemu agogo ake, mkulu wa mpingo amene anatentha nawo nyumba za a Mboni za Yehova mu 1972, popeza akuti nthawi imeneyo aliyense ankachita zomwezo. Funso lanuli, mayi, landifika pamtima, chifukwa kwathu ndi kufupi ndi Muloza, kumene othawa ankadutsira polowera ku Milange m'dziko la Mozambique.

Boma la Dr. Kamuzu Banda linaletsa chipembedzo cha Mboni mu Okutobala 1967, ndipo mlandu wawo waukulu unali wokana kugula khadi la chipani cha Malawi Congress Party. Mu 1972 Apayoniya ndi a Yufi, magulu a achinyamata a chipanicho, anawapirikitsa m'midzi, ena anaphedwa, ambiri anathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia kapena ku Mozambique, ndipo mwa amene anabwezedwa kuno mu 1975, ambiri anakatsekeredwa kundende ya ku Dzaleka. Amayi anga ankasimba za banja loyandikana nalo limene linathawa usiku, chimanga chili chodzaza m'nkhokwe. Kutacha, anthu amene Lamulungu ankaimba kwaya anagawana nkhuku, makasu ndi malata a banjalo. Amayi anakana kutengako ngakhale chipande, ndipo bambo awo anasunga mbuzi za othawawo m'khola mwawo, akudziwa bwino kuti nkhani ikanamveka, nyumba yawonso ikanapsa. Iwo sanali ophunzira ndipo ankakhala mu ulamuliro womwewo, choncho mawu akuti aliyense ankachita zomwezo ine sindiwalandira.

Ndine wa CCAP, ndipo sindigwirizana ndi a Mboni pa chiphunzitso cha Utatu ngakhalenso pa kukana kuikidwa magazi. Ndimakhulupirira kuti akulakwitsa, ndipo akafika pakhomo panga ndimawauza mosabisa. Komatu mpingo wathu unachokera m'chiphunzitso cha John Calvin, amene anathandiza kuti Michael Servetus agwidwe ndi kuimbidwa mlandu ku Geneva, kumene anatenthedwa wamoyo mu 1553 chifukwa chokana Utatu womwewo. Ena amati tisamuweruze Calvin ndi maso a masiku ano, kuiwala kuti Sebastian Castellio, munthu wa m'nthawi yake yomweyo, analemba motsutsa kuphako. Onsewo anali ndi Luka 9, pamene Yesu anadzudzula Yakobo ndi Yohane atafuna kuitanitsa moto kuti unyeketse mudzi wa Asamariya umene unakana kumulandira.

Chiletso cha a Mboni chinachotsedwa pa 12 Ogasiti 1993, patangopita miyezi iwiri chichitikire referendamu ya zipani zambiri, koma mtima wake sunatheretu. Zinatengera khoti lalikulu la ku Zomba mu 2023 kuti ana a Chirasta aloledwe m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo, ndipo Akhristu ena ndinawamva akudandaula nacho chigamulocho, zimene zinandiwawa kwambiri.

Zoti muchite

Za kumene agogo anu ali lero musiyire Mulungu, koma zimene anachita muzitchule kuti linali tchimo, ndipo ana anu muwauze momwemo. Ngati banja limene linatenthedwera nyumba linabwerera m'mudzimo, mupite ndi mkulu wa mpingo mukapepese, ndipo ngati pali munda wawo umene abale anu akulima mpaka pano, nkhaniyo ikafike kwa anyakwawa.