Yankho kwa mayi amene afunsa za kuchotsa mabuku m'sukulu

Mayi, funso lanu ndaliwerenga kangapo, ndipo ndaona kuti ambiri amene ayankha kale athamangira kukudzudzulani m'malo mokuyankhani. Mwafunsa kuti, popeza sukulu iliyonse imasankha kale mabuku oti ana awerenge n'kusiya ena, cholakwika n'chiyani boma kapena akuluakulu oyendetsa sukulu akachotsa buku limene akuona kuti likusokoneza ana pa nkhani za ndale ndi mbiri ya dziko. Ine ndaphunzitsa kwa zaka zambiri, ndipo mbali yoyamba ya funso lanu ndikuivomereza mosazengereza. Palibe laibulale imene ingasunge mabuku onse a padziko, ndipo buku loyenera wophunzira wa zaka 17 silingapatsidwe kwa mwana wa zaka 7. Kusankha kotereku ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku ya mphunzitsi ndi woyang'anira laibulale. Chimene ndikutsutsana nacho ndi kuchotsa buku limene linasankhidwa kale ndi anthu odziwa ntchito yawo, pachifukwa choti zimene likunena sizikukomera amene ali ndi mphamvu pa nthawiyo.

Kusiyana kwa zinthu ziwirizi kunafika mpaka kukhoti lalikulu kwambiri la dziko la America m'chaka cha 1982, pa mlandu wa sukulu za m'dera la Island Trees ku New York. Mamembala ena a bodi yoyendetsa sukuluzo anapita kumsonkhano wa gulu lina la makolo mu 1975, kumene anapatsidwa mndandanda wa mabuku amene gululo linkadana nawo, ndipo chaka chotsatira bodiyo inalamula kuti mabukuwo achotsedwe m'malaibulale, ponena kuti ndi odana ndi dziko la America, odana ndi Chikhristu, odana ndi Ayuda komanso olaula. Chimene chimandikhudza kwambiri pa nkhaniyi n'choti bodi yomweyo inasankha komiti ya makolo ndi ogwira ntchito pasukulu kuti iwerenge mabukuwo, komitiyo inalangiza kuti angapo abwezeretsedwe, koma bodi inakana mbali yaikulu ya malangizowo osapereka chifukwa. Ophunzira ena, motsogozedwa ndi Steven Pico, anakasuma. Oweruza anagawanika, asanu mbali ya ophunzira anayi mbali ya bodi, ndipo ngakhale asanuwo sanamvane pa chifukwa chimodzi, komabe mfundo ya woweruza William Brennan ndi imene imakumbukiridwa mpaka lero, yoti bodi singachotse buku m'laibulale pongodana ndi maganizo amene ali m'bukumo. Iye sanakane kuti buku lodzaza ndi zolaula kapena losayenera pa maphunziro lingachotsedwe. Anati chofunika kuyang'ana ndi cholinga cha wochotsayo.

Vuto ndi loti cholingacho sichinenedwa poyera. Palibe wandale amene amaima pagulu n'kunena kuti akuletsa buku chifukwa likunyazitsa chipani chake. Aliyense amati akuteteza ana, ndipo amasolola ndime imodzi kapena chithunzi chimodzi n'kuchionetsa anthu ngati kuti ndilo buku lonse. Mu Januwale 2022 bodi ya sukulu za ku McMinn County ku Tennessee, ku America komweko, inachotsa pa silabasi ya giredi 8 buku la zithunzi la Art Spiegelman lotchedwa Maus, limene limafotokoza mmene makolo ake, omwe anali Ayuda, anazunzikira pansi pa ulamuliro wa chipani cha Nazi. Zifukwa zimene zinaperekedwa zinali mawu otukwana owerengeka ndi chithunzi chimodzi cha munthu wamaliseche. Buku lonena za kuphedwa kwa anthu mamiliyoni linaweruzidwa ndi timawu tochepa, ngati kuti nkhanza zoterozo zingafotokozeke m'mawu ofewa.

Mwanenanso kuti makolo ali ndi ufulu, ndipo pamenepo ndikugwirizana nanu ndi mtima wonse, malinga ngati tikunena za mwana wanu. Mukhoza kupempha mphunzitsi kuti mwana wanu apatsidwe buku lina, ndipo mphunzitsi wanzeru adzakumverani. Koma buku likachotsedwa pashelefu, mwasankhira ana onse a pasukulupo, kuphatikizapo a makolo amene amafuna kuti ana awo aliwerenge. Mawu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe amatiphunzitsa kusamalira ana a anzathu, koma satipatsa mphamvu yolanda makolo awo udindo. Tisaganizenso kuti madandaulo otere amachokera kwa makolo ambirimbiri. Nyuzipepala ya Washington Post itaunika mu 2023 madandaulo oposa 1,000 operekedwa m'sukulu za ku America, inapeza kuti pafupifupi 60 peresenti inachokera kwa anthu 11 okha. Bungwe la alembi la PEN America linawerenga kuti m'chaka cha sukulu cha 2023 mpaka 2024 mabuku anachotsedwa maulendo oposa 10,000, makamaka ku Florida ndi ku Iowa, kumene aphungu anali atangokhazikitsa malamulo atsopano okhudza mabuku a m'sukulu.

Choopsa koposa, m'kuona kwanga, chimachitika m'mabuku ophunzirira m'kalasi, chifukwa buku la m'laibulale likasowa wina amazindikira, pamene ndime yofufutidwa m'buku la mbiri siisiya chizindikiro chilichonse. Mwana sangafunse za chinthu chimene sakudziwa kuti chinachitika. Ku Japan katswiri wa mbiri yakale Ienaga Saburo analimbana ndi unduna wa zamaphunziro m'makhoti kwa zaka 32, kuyambira 1965 mpaka 1997, chifukwa undunawo unkamuuza kuti achotse kapena afewetse zimene analemba za nkhanza za asilikali a dzikolo pa nthawi ya nkhondo. Pomaliza khoti lalikulu linati boma lili ndi mphamvu younika mabuku, koma linalakwa pomukakamiza kuchotsa nkhani ya gulu la asilikali lotchedwa Unit 731, limene linkachita kafukufuku wankhanza pa anthu amoyo ku China. Munthu mmodzi anathera gawo lalikulu la moyo wake pomenyera ziganizo zochepa, ndipo ine ndimaona kuti anali wolondola, popeza ziganizo zimenezo ndizo zinali mpata wokhawo woti ana ambiri amve zoona. Ku Turkey nduna ya zamaphunziro inalengeza mu 2019 kuti mabuku oposa 300,000 anachotsedwa m'sukulu ndi m'malaibulale n'kuwonongedwa powaganizira kuti akukhudzana ndi mtsogoleri wina wachisilamu, Fethullah Gülen, amene boma linkamunena kuti ndiye anakonza zofuna kulanda boma mu 2016.

Ku Malawi, mu ulamuliro wa chipani chimodzi, lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku ndi zosangalatsa, limene linaletsa mabuku ambiri. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje linachotsedwa m'masitolo, m'malaibulale ndi m'malo a maphunziro mu 1985, ngakhale kuti silinalengezedwe mwalamulo kuti ndi loletsedwa, ndipo mwini wake anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Amene mukusangalala lero chifukwa buku lochotsedwalo ndi limene inunso mumadana nalo, kumbukirani kuti boma limasintha koma mphamvu imene munalipatsa imatsala m'manja mwa olowa m'malo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pali chinthu chimodzi chimene ziwerengero sizingaonetse, ndicho mantha. Ndinagwirapo ntchito pasukulu ina pamene mphunzitsi wamkulu anangomva mphekesera yoti buku lina lakwiyitsa akuluakulu, ndipo popanda kalata, popanda lamulo lililonse, anatiuza kuti tilitsekere m'kabati pamodzi ndi mabuku ena onse amene ankaoneka ofanana nalo. Palibe mmodzi wa ife amene anafunsa chifukwa, ndipo ineyo ndinali mmodzi wa amene ananyamula mabukuwo, chinthu chimene chimandipweteka mpaka lero. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kudumpha mitu ina pophunzitsa, ndipo wophunzira akafunsa funso lovuta ndinkamuuza kuti zimenezo sizibwera pamayeso. Umo ndi mmene kuletsa mabuku kumagwirira ntchito. Boma limaletsa buku limodzi, aphunzitsi amabisa okha khumi, ndipo osindikiza amasiya kulandira zolemba zimene akuopa kuti zingawabweretsere mavuto. Ana nawonso amaona zonsezi, ndipo phunziro limene amatengapo ndi loti munthu wanzeru amakhala chete. Mwana wotereyo akadzakumana ndi mabodza pa intaneti, kumene kulibe mphunzitsi womuthandiza kusiyanitsa, adzakhala wopanda chida, chifukwa sanaphunzirepo kuwerenga mfundo imene sakugwirizana nayo n'kuitsutsa ndi umboni.

Tsono buku likadandaulidwa pasukulu ya mwana wanu, ndikupemphani kuti mufunse ngati amene akufuna kulichotsa aliwerenga lonse, ngati chifukwa chawo achilemba kuti aliyense achione, ndiponso ngati chigamulo chikupangidwa ndi komiti imene muli aphunzitsi, makolo ndi woyang'anira laibulale kapena chikungotsika kuchokera kumwamba. Funsaninso ngati bukulo likhalabe pashelefu pamene likuunikidwa, chifukwa malo ambiri buku limachotsedwa ponena kuti ndi kwa kanthawi chabe, ndipo silibwereranso. Nthawi zina yankho loyenera limakhala kulisamutsira kwa ophunzira a makalasi apamwamba, ndipo zimenezo sindikuzitsutsa ngati chifukwa chake chilidi msinkhu wa ana.

Simunatchule buku limene likukudetsani nkhawa, mayi. Mukalitchula pano ndidzalifunafuna n'kuliwerenga kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndipo ndikupemphani kuti inunso muchite chimodzimodzi, kenaka tidzakambirane ndime zenizeni zimene mukuziona kuti n'zosayenera.