Azakhali, timibulu ta ku mizu ya soya si matenda

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko ku Nsipe? Chithunzi chimene mwaponya pagulu pano ndachiona, cha soya amene mwazula m'munda wa kuseri kwa nyumba uja, mizu yake ili ndi timibulu mbwee. Mwafunsa ngati ndi matenda, komanso ngati muzule yense zisanafalikire. Ndati ndingojambula mawu, nkhaniyi ndi yaitali kuti ndilembe.

Chonde musazule. Ngakhale phando limodzi musazulenso. Ine nditaona chithunzicho mtima wanga unakondwa, chifukwa soya wanu ali bwino kwambiri.

Ndikudziwa chimene chakuopsani. Mwakumbukira matimati a kudimba aja, amene mizu yake inatupatupa kenako n'kufota. Zija zinali zina, ndi timinyongolotsi tating'ono tosaoneka ndi maso timene timalowa mu muzu n'kuutupitsa. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Tengani muzu wa soyawo, muutsuke, mukankhe kambulu kamodzi ndi chala. Kathothoka kokha, muzu n'kutsala wabwinobwino, chifukwa kamangomata m'mbali. Pamene za matimati zija, chotupacho ndi muzu weniweniwo, simungachichotse popanda kuthyola muzu.

Ndiye kamene mwathotholako mukaswe ndi chikhadabo, muone mkati. Mukapeza mofiirira ngati mkati mwa gwafa wakupsa, dziwani kuti ntchito ili mkati. Mukapeza moyera, ndiye kuti kakadali kanthete, kapena sikakugwira ntchito. Mukapeza mobiriwira kapena moderako, kakalamba, katha ntchito yake.

Eeh, tsono ntchito yake ndi yotani? Mvetserani apa. Chakudya chimene timagula m'thumba la yuleya, chimene chimabiriwitsa chimanga chija, dzina lake ndi nayitrojeni. Nayitrojeni ameneyu ali mbwee mu mpweya umene tikupumawu. Pa magawo 100 a mpweya, 78 ndi iyeyo. Koma mbewu singathe kumudya momwe alili mu mpweyamo, ali ngati chimanga chosagaya kwa khanda. Amene amatha kumugaya ndi tizilombo tina ta m'nthaka, mabakiteriya a gulu lotchedwa rhizobia. Muzu wa soya umatulutsa timadzi towaitana, iwo n'kubwera, n'kulowera pa tiubweya ta muzu. Akalowa, mbewu imawamangira nyumba, ndiyo timibulu mukuonato. Imawatumiziranso shuga amene masamba apanga ndi dzuwa. Iwo akadya shugayo, amakoka nayitrojeni mu mpweya umene uli m'nthaka, n'kumusandutsa chakudya chimene mbewu ingathe kumwa. Kupatsa n'kuika, azakhali, aliyense akupeza pake.

Kufiira kuja nakonso kuli ndi chifukwa. Ntchito yogaya nayitrojeni imaonongeka kukachuluka mpweya wa okosijeni, komabe tizilomboto timafuna wapang'ono woti tipume. Ndiye mbewu imapanga chinthu chofiira, chachibale ndi chimene chimafiiritsa magazi athu, choti chizigwira okosijeniyo n'kumawapatsa mwamuyezo. Ine chimenechi chimandizizwitsa mpaka lero, kuti kanthu kochepa ngati njere ya mapira mkati mwake muli dongosolo lotere.

Amalume ndaona alemba pansipo kuti muthireko yuleya kuti soya achire. Pepani amalume, pamenepa ndikana. Soya akapeza nayitrojeni wambiri m'nthaka amasiya kudyetsa alendo ake aja, timibulu timachepa, ndipo mwataya ndalama kugula chinthu chimene mukanachipeza chaulere. Yuleyayo musungire chimanga. Chimene soya amasowa kawirikawiri ndi fosiforasi, amene amapezeka mu feteleza wokulitsa uja, ndipo ameneyo amafunika pobzala, osati pano. Panopa ntchito yanu ndi kupalira basi.

Kanthu kena, chifukwa alamu anga ku Kandeu anadandaula chaka chatha kuti soya wawo anali wachikasu ndipo mizu inali yosalala, yopanda kambulu n'kamodzi komwe. Soya kwawo ndi ku China, si mbewu ya makolo athu kuno. Ali ndi mtundu wakewake wa mabakiteriya umene amagwirizana nawo, ndipo m'munda umene sunalimidwepo soya nthawi zambiri umakhala wochepa kapena mulibiretu. N'chifukwa chake alangizi amanena za inokulanti, ufa wakuda wa m'kapaketi uja. Si feteleza, si mankhwala, ndi tizilombo tamoyo. Ndiye kapaketi kameneko sikafuna dzuwa kapena kutentha. Mumanyowetsa mbewu pang'ono, n'kusakaniza pamthunzi, n'kubzala tsiku lomwelo m'dothi lachinyezi. Mukasakaniza lero n'kubzala mkuja, kapena mukayanika padzuwa, mwapha tizilombo tambiri. Muziyang'ananso tsiku lotha mphamvu pa paketipo. Pali mitundu ina ya soya, ngati Tikolore, imene imalandira ndithu mabakiteriya a m'nthaka yathu, komabe nayonso inokulanti amaithandiza. Mtedza, nandolo ndi khobwe, zimenezo kawirikawiri zimapeza zokha mabakiteriya ogwirizana nazo m'nthaka muno. Nyemba nazo zimapanga timibulu, koma pa ntchito imeneyi ndi zofooka poyerekeza ndi soya.

Koma ndisakunamizeni kuti mukalima soya ndiye kuti feteleza mwatsanzikana naye. Nayitrojeni wambiri amapita ku njere, ndipo njerezo mukagulitsa kwa mavenda wapita nawo. Chimene chimatsalira munda ndi masamba oyoyoka, mizu, ndi zinyalala zotsala popuntha. Apa ndi pamene ndikupemphani kwambiri: musaotche. Ndimamva kuwawa ndikamadutsa pa msewu wa M1 mwezi wa Ogasiti, utsi uli tolotolo m'minda, ana akusaka mbewa, chonde chonse chikukwera kumwamba. Mukapuntha soya, zinyalalazo mubwezere m'munda, muzikwirire m'mizere. Chaka chamawa mubzalemo chimanga, mudzathire feteleza ndithu, koma mudzaona kusiyana kwake ndi ndime imene mwabwereza chimanga pa chimanga.

Agogo aja ankaponya nandolo ndi khobwe pakati pa chimanga chaka chilichonse. Dzina la mabakiteriya sankalidziwa, koma ankaona kuti pamene nandolo wayoyolera masamba dothi limada, limafewa. Ngati mungathe kuteteza munda ku mbuzi m'chilimwe, yesani nandolo pamodzi ndi mtedza pa ndime ya kumtunda yoguga ija, chifukwa nandolo amakula pang'onopang'ono poyamba, sapikisana ndi mtedza, ndipo mizu yake imapita pansi kwambiri.

Mawa m'mawa mutume mwana akakumbe phando limodzi lokha ndi khasu, osati kuzula ndi manja chifukwa timibulu timatsalira m'dothi. Muswe tiwiri kapena titatu, mujambule pafupi, muponye pano tione mtundu wake. Mupereke moni kwa onse kunyumbako.