Seva yakale ya ma core 28 kapena workstation ya ma core 16?

Achimwene, mwati mumakonza mavidiyo, mumajambula mapulani pa CAD, nthawi zina mumapanga render pa Blender, ndipo mwaona seva yogwirapo kale ntchito ya mapurosesa awiri a Xeon E5-2680 v4, ma core (timagawo ta purosesa togwira ntchito patokhapatokha) 28 onse pamodzi, pa mtengo wotsika kuposa workstation yatsopano ya ma core 16. Mukufunsa ngati kusiya 28 n'kutenga 16 si kutaya ndalama. Ayi, si kutaya. Pa ntchito mwatchulazi seva imeneyo idzakugwiritsani fuwa la moto, ndipo zimandiwawa kuona anthu akukopeka ndi nambala imodzi yokhayi.

Purosesa ya seva anaipangira kutumikira anthu ambirimbiri nthawi imodzi, usana ndi usiku, osazima. Ya workstation anaipangira munthu mmodzi amene wakhala pampando, wadina batani, akudikira. Taonani ziwiri izi za AMD. EPYC 9654 ya seva, ya mu 2022, ndi Threadripper Pro 7995WX ya workstation, ya mu 2023, zonse zili ndi ma core 96 a mtundu umodzi, Zen 4, ndipo magetsi zimadya pafupifupi ofanana, mawati 360 ndi 350. Koma EPYC ikathamanga mpaka pomaliza imafika 3.7 GHz, pamene Threadripper imakwera mpaka 5.1 GHz. M'malo mwa liwirolo, EPYC anaipatsa njira 12 zopitira ku RAM ndipo mutha kuika ziwiri pa motherboard imodzi. Threadripper Pro ili ndi njira 8 ndipo imakhala yokha basi. Potuluka, EPYC inali madola 11,805, inayo 9,999. Zopangira zake ndi zomwezo, mtengo sukusiyana kwambiri, koma iliyonse anaikonzera ntchito yake.

Tsono Xeon mwaionayo ndi ya mu 2016. Core yake imalekeza pa 3.3 GHz. Ryzen 9 7950X ya ma core 16, imene inatuluka mu 2022 pa madola 699, imafika 5.7 GHz, komanso pa GHz iliyonse imagwira ntchito yambiri kuposa core ya zaka zimenezo. Mapeto ake, ngakhale pa ntchito yodzaza ma core onse, 16 atsopanowa amaposa 28 akalewo. Pa ntchito ya core imodzi ndiye osanena n'komwe.

Ndipo ntchito yambiri imene mumaigwira ndi dzanja lanu ndi ya core imodzi kapena ochepa. Yesani lero lomwe pa makina muli nawowo. Tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, musinthe chithunzi cha CPU kuti chionetse core iliyonse payokha. Kenako tsegulani pulani yanu yaikulu pa CAD, muitembenuze, musinthe muyeso umodzi kuti ikonzedwenso. Mudzaona kabokosi kamodzi kapena tiwiri tadzaza mpaka pamwamba, tina tonse tili phee. Pulogalamuyo siingawerengere gawo lachitatu isanamalize lachiwiri, ndiye ma core enawo angokhala kudikira. Gene Amdahl anafotokoza zimenezi kale mu 1967. Tiyerekeze kuti pa ntchito yanu magawo 9 mwa 10 atha kugawidwa, limodzi lokha ayi. Ma core 16 adzaifulumizitsa ka 6.4. Ma core 64, amene ndi ochuluka kanayi, adzaifulumizitsa osakwana ka 9. Muike chikwi, simudzadutsa ka 10. Ndalama zonse zogulira ma core owonjezerawo zathera pa kusiyana kwa 6.4 ndi 9.

Sindikunena kuti ma core ambiri alibe ntchito. Render ya pa CPU imagawika bwino kwambiri, chimodzimodzi kumanga pulogalamu yaikulu kuchokera ku code yake, kapena kuyendetsa ma virtual machine (makompyuta oyerekezera oyenda mkati mwa kompyuta imodzi) makumimakumi. Koma kwa inu, Cycles, yopangira render mu Blender, imathamanga kwambiri pa GPU (purosesa ya pa graphics card) yabwino kuposa pa purosesa yodula. Ndalama mukanagulira ma core, ikani pa graphics card.

Pamene purosesa ya seva imaonetsadi mphamvu ndi pa RAM. Njira imodzi ya DDR5-4800 imadutsitsa 38.4 GB pa sekondi. Kompyuta wamba ili ndi njira ziwiri, ndiye 76.8 GB. EPYC ya njira 12 imafika pafupifupi 460 GB pa sekondi. Zili ngati kukhala ndi anthu ambiri otsitsa matumba m'lole koma nyumba yosungiramo ili ndi khomo limodzi: kuwonjezera anthu sikuthandiza, chofunika ndi makomo. Amene amayerekezera kayendedwe ka mpweya kapena madzi, ndi amene ali ndi database yaikulu, vuto lawo ndi limeneli, ndipo kwa iwo njira 8 kapena 12 ndi zoyenera kulipirira. Koma njira iliyonse imafuna RAM yakeyake. Mukagula motherboard ya njira 12 n'kuikamo timitengo ta RAM tinayi tokha, mabowo enawo ali pululu, mwalipira njira 12 n'kumagwiritsa zinayi. Mtengo wa purosesa yotere muziuwerengera pamodzi ndi RAM yodzazira njira zonse, yomwenso ndi ya mtundu wa maseva wotchedwa RDIMM.

Palinso nkhani ya mapurosesa awiri. Aliyense ali ndi RAM yake, ndipo akafuna zomwe zili kwa mnzake amadutsa njira yotalikirapo. Akatswiri amati NUMA. Mapulogalamu a pa seva anawalemba akudziwa zimenezi, koma ambiri a pa desiki ayi, ndiye nthawi zina purosesa yachiwiriyo siwonjezera kanthu kooneka. Windows 11 Home imagwiritsa purosesa imodzi yokha, ziwiri zimafuna Pro. Kuwonjezera apo, Xeon E5 v4 mulibe pa mndandanda wa mapurosesa ovomerezeka pa Windows 11, pamene chithandizo cha Windows 10 chinatha pa 14 Okutobala 2025. Ngati mumagwiritsa Linux, vuto limeneli silikukhudzani.

Zimene wogulitsa salemba pa chikwangwani ndi zomwe mudzalipire mutafika nayo kunyumba. Seva yopyapyala ya 1U imaziziritsidwa ndi timafani ting'onoting'ono tozungulira mothamanga kwambiri, ndipo phokoso lake simungakonze nalo mawu a vidiyo m'chipinda chimodzi. Malo oikamo graphics card yaikulu nthawi zambiri mulibe, ngakhale chingwe chake cha magetsi. Za magetsi, werengerani nokha: makina odya mawati 100 kuposa ena, akamayaka osazima, ndi mayunitsi 876 pa chaka. Amene akufuna Windows Server adziwenso kuti kuyambira ya 2016 laisensi imalipiridwa powerenga ma core, ndipo poyambira pake ndi 16 pa seva iliyonse. N'chifukwa chake AMD imagulitsa ma EPYC okhala ndi F kumapeto, monga 9174F, ya ma core 16 okha koma othamanga: makampani amalolera kugula purosesa yodula ya ma core ochepa kuti laisensi itsike. Ngakhale eni ake maseva sathamangira nambala yaikulu mwachisawawa. Ndipo amene akugula EPYC yochotsedwa mu seva ina afunse kaye ngati siinatsekeredwe ku kampani yomwe inapanga sevayo. Makampani ena amatero, ndipo purosesa yoteroyo mukaiika pa motherboard ya kampani ina, makina sayaka.

Zabwino za seva ziliponso zenizeni, sindingazibise. RAM ya ECC imakonza yokha cholakwika cha bit imodzi, chinthu chofunika ngati ntchito imatenga masiku osaima. Pali kachipangizo ka BMC kokulolani kuyatsa, kuzimitsa ndi kuikamo system muli kutali. Pali ma power supply awiri, ina ikafa inzake imapitiriza. Ngati mukufuna kuphunzira Proxmox, pulogalamu yoyendetsera ma virtual machine, kusungira mafayilo a ofesi, kapena kuyendetsa ma virtual machine ambiri ofuna RAM yochuluka yotchipa, Xeon yakaleyo ndi yogulika ndithu, bola ikhale m'chipinda china.

Koma pa mavidiyo, CAD ndi Blender, tengani ma core 16 othamangawo, RAM ya 64 GB kapena kuposa, SSD ya NVMe, ndi GPU yabwino momwe thumba lingalolere. Threadripper kapena Xeon W muziganizire pokhapokha mukayamba kusowa malo: 7950X ili ndi njira za PCIe (zolumikizira GPU, SSD ndi makhadi ena ku purosesa) 24 zokha zoti mugwiritse, pamene Xeon W-2400 ili ndi 64, W-3400 ili ndi 112, Threadripper Pro 128. Mukafuna ma GPU atatu kapena anayi, ma SSD ambiri ndi khadi la netiweki yothamanga zonse pamodzi, pamenepo mtengo wake umamveka. Ponyani pano chithunzi cha Task Manager pamene mukupanga export ya vidiyo yanu yaitali, chionetse CPU, RAM ndi GPU, tikuuzeni chimene chikukuchedwetsani musanatulutse ndalama.