Kodi Makina a Zanyengo pa Bwalo la Ndege Azipereka Lipoti Kangati?

FUNSO: Akonzi, mu July ndinaperekeza mlamu wanga ku bwalo la ndege la ku Chileka. Kunacha ndi chiperoni, ndipo ndinaona nkhungu ikuphimba phiri la Michiru n'kuyeranso patangopita mphindi zochepa. Mnzanga wina anandiuza kuti lipoti la zanyengo la pa bwalo la ndege limatuluka kamodzi pa ola, ngakhale kumene kuli makina oyeza okha. Kodi pamenepa woyendetsa ndege sadalira nkhani yakale? Makinawo ayenera kulengeza kangati? Wowerenga wa ku Lunzu.

YANKHO: Bambo, mnzanuyo sananame, koma anakuuzani mbali imodzi yokha. Lipoti limene amanenalo limatchedwa METAR, ndipo malamulo a bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse la ICAO amati lizituluka ola lililonse, kapena mphindi 30 zilizonse kumene mayiko a m'chigawo anagwirizana kutero. Lipotili limatumizidwa kutali, kuti woyendetsa ndege amene akunyamuka ku Johannesburg kapena ku Addis Ababa adziwe zimene zili kutsogolo ndiponso mafuta amene ayenera kutenga. Pa ntchito imeneyo, ola limodzi si lalitali.

Koma amene watsala ndi mphindi zitatu kuti atere sangadalire zimene zinayezedwa mphindi 50 zapitazo. N'chifukwa chake makinawo sapuma pakati pa malipoti awiri. Ku United States, makina otchedwa ASOS, amene anayamba kuikidwa m'mabwalo mu 1991, amakonza ziwerengero zatsopano mphindi iliyonse, ndipo m'mabwalo ambiri ang'onoang'ono woyendetsa ndege amazimva yekha pa wailesi. Kumene kuli nsanja ya oyang'anira ndege, iwo amamuuza za mphepo ya nthawi yomweyo pomupatsa chilolezo chotera.

Palinso lipoti lapadera lotchedwa SPECI, limene siliyang'ana wotchi. Limatuluka mabingu akayamba kapena akatha, liwiro la mphepo likasintha ndi makilomita pafupifupi 19 pa ola, kapena mtunda umene maso angaone ukatsika kudutsa malire monga mamita 3,000, 1,500 kapena 800. Pamenepa pali lamulo limene ine ndimaliona kuti ndi lanzeru kwambiri: nyengo ikaipa, lipoti limatumizidwa nthawi yomweyo, koma ikayamba kukhala bwino, amadikira mphindi 10 kuti atsimikize. Nkhungu ya chiperoni imene munaiona ikuyera ija imatha kubwerera ndege isanafike n'komwe, ndipo kuitanira munthu kubwalo chifukwa cha kuwala kwa kanthawi kochepa n'kumuika m'mavuto.

Mwina mungaganize kuti kukanakhala bwino makina akanamalengeza chilichonse chimene aona sekondi iliyonse. Ayi ndithu. Mphepo imawomba modukizadukiza, choncho chiwerengero cha sekondi imodzi chikhoza kusocheretsa. Mphepo imene amauza ndege yotera kapena yonyamuka amaiwerengera pa mphindi 2, pomwe ya mu METAR, malinga ndi ICAO, amaiwerengera pa mphindi 10. Mitambo ndiye yovutirapo, chifukwa chida choyeza kutalika kwake chimawalitsa kuwala molunjika kumwamba ndipo chimaona kachigawo kakang'ono kamene kali pamwamba pake penipeni. Makina a ASOS amasonkhanitsa zimene aona pa mphindi 30, n'kuwerengera kawiri mphindi 10 zomalizira, asananene kuchuluka kwa mitambo. Ndiye kuti ngakhale lipoti la mphindi ino limatha kutsalira pang'ono kumbuyo kwa zimene maso a munthu woima panja akuona, ndipo ichi ndi chifukwa chimodzi chimene mabwalo ambiri akuluakulu amasungirabe katswiri wa zanyengo pambali pa makina.

Maganizo anga ndi akuti makina aziyeza ndi kutumiza ziwerengero ku nsanja mphindi iliyonse, ndipo bwalo lotanganidwa lizitulutsa METAR mphindi 30 zilizonse, makamaka m'dzinja pamene mvula ya mabingu imabwera mwadzidzidzi masana. Komabe pali zoopsa zina zimene lipoti lililonse la pa wotchi silingazipeze. Mphepo yotsika mwamphamvu kuchokera mumtambo wa mabingu imayamba n'kutha mkati mwa mphindi 15, ndipo ndi yomwe inagwetsa ndege ya kampani ya Delta mumzinda wa Dallas ku United States pa 2 August 1985, n'kupha anthu oposa 130. Ngoziyo itachitika, dziko la United States linafulumizitsa kuika m'mabwalo ndi m'ndege zida zapadera zimene zimachenjeza nthawi yomweyo mphepo yotereyi ikaoneka.