Dzimbiri la pansi pa pikapu: lina ndi lapamwamba chabe, lina ndi loopsa

Achimwene, mwafunsa za Hilux yanu ya 2012 yomwe yangofika kumene kuchokera ku UK, kuti masipuling'i, difu ndi ma control arm (zitsulo zolumikiza mawilo akutsogolo ku chasisi) zonse zafiira ndi dzimbiri, ndipo wina wakulangizani kuti mungopoperako oyilo wakutha basi. Zithunzi zija ndaziona. Mtima ukhale m'malo, koma oyiloyo musamuthamangire.

Galimoto zochokera ku UK zimabwera chonchi kawirikawiri. Kumeneko nyengo yozizira amawaza mchere m'misewu kuti isamaterere ndi ayisi, ndiye madzi amcherewo amathovukira pansi pa galimoto n'kumakhala momwemo. Kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, amachitanso zomwezo. Chitsulo chimachita dzimbiri chikakumana ndi madzi ndi mpweya, mchere umangofulumizitsa. Choncho kufiira pakokha si umboni wakuti anakugulitsani galimoto yakutha.

Musanagule penti iliyonse, dziwani kaye kuti dzimbirilo lalowa mpaka pati. Pitani pamalo otsukira galimoto pomwe ali ndi makina a madzi amphamvu, atsuke pansi ponse, matope onse achoke, iume. Kenako lowani pansi ndi tochi, nyundo yaing'ono ndi sikuludilaiva. Chonde musalowe galimoto itangotsamira pa jeke yokha. Ikhale pa dzenje la pagalaja kapena pa masitandi achitsulo.

Dzimbiri lapamwamba limaoneka ngati fumbi lofiira. Mukalikwecha ndi bulashi ya waya limachoka, pansi pake n'kuoneka chitsulo chathunthu, ndipo mukagogoda ndi nyundo chimalira ngwe! Ili pa difu, pa masipuling'i kapena pa zitsulo zina zochindikala silingakusowetseni tulo. Loopsa ndi lija lotupa, lokakatuka m'magawomagawo, loti mukagogoda limalira phu n'kuyoyoka zibenthu zakuda. Sikuludilaiva ikalowa kapena chitsulo chikabonyoka, pamenepo penti ilibe ntchito, chofunika n'kusintha.

Malo amene ine ndimawadera nkhawa si amene mwajambulawo okha. Yang'anani chasisi pomwe masipuling'i akumbuyo amamangiriridwa, makamaka m'kati mwake, chifukwa chasisi imadyeka kuyambira m'kati momwe matope amakhala, kunja ikuoneka bwino. Ma control arm akutsogolo nawonso amasunga madzi m'makona. Hilux kuyambira 2005 ili ndi ma coil, masipuling'i opiringizika, kutsogolo, ndipo coil imakonda kuthyoka kumunsi komwe yakhalira, penti ikasupuka. Kumbuyo onani ngati dzimbiri latupa pakati pa masipuling'i mpaka kuwatsegula, kapena ngati ina yang'aluka pafupi ndi bawuti yapakati. Ndiye mapaipi a mabuleki. Amenewa ndi opyapyala, amadutsa m'mbali mwa chasisi, ndipo tsiku lomwe imodzi idzabooke buleki idzalowa pansi kwambiri ndipo galimoto idzavuta kuima. Akakhala ndi timaenje, asinthidwe lero lomwe, osadikira kuti akakubwezeni ku COF.

Zonse zikakhala zolimba, ntchito yake si yovuta, imangofuna kudekha. Kwechani ndi bulashi ya waya, yapamanja kapena yomanga ku dirilo, mpaka dzimbiri lonse loyoyoka lichoke. Valani magalasi ndi chotchinga kumphuno, chifukwa timawaya timathothoka n'kuuluka. Pa masipuling'i ndi ma coil musaikepo galainda yodulira, musawawotche ndi gasi, ndipo wowotcherera asawakhudze. Chitsulo chake chinalimbitsidwa ndi moto kufakitale. Mukachitenthetsa chimafooka, ndipo kachilonda kakang'ono komwe galainda yasiya ndi pomwe mng'alu umayambira. Sipuling'i yong'aluka imasinthidwa, siiwotchereredwa, ngakhale makaniko akutsimikizireni bwanji. Mukamasula ma U-bolt, mabawuti opindika omangira masipuling'i ku ekiselo, ikani atsopano, ndipo muwamangenso galimoto ikayendako pang'ono itanyamula katundu.

Mukatha kukwecha, chotsani gilizi ndi oyilo yense ndi mankhwala ochotsa mafuta (degreaser), mutsuke, ziume. Kenako pakani rust converter. Ndi mankhwala okhala ndi phosphoric acid kapena tannic acid, amene amasandutsa dzimbiri lotsala kukhala khungu lakuda lolimba. Sagwira pa mafuta kapena pa dzimbiri lochindikala, n'chifukwa chake kukwecha kuja sikudumphidwa. Tsatirani zomwe zalembedwa pa botolo. Ena amafuna kutsukidwa akauma, ena ayi. Pamwamba pake pakani penti yoyamba, primer, kaya red oxide yomwe imapezeka m'mahadiweya ambiri kaya yokhala ndi zinc, kenako penti yakuda ya chasisi kawiri, mopyapyala. Converter yekha popanda penti sapirira mvula. M'kati mwa chasisi, momwe bulashi siingafike, popererani phula loteteza chitsulo monga Waxoyl kapena Tectyl, mutayamba mwatokosa timabowo totulutsira madzi kuti titseguke.

Pokutani ndi mapepala malo osafunika penti: ndodo yonyezimira ya shoko, ma disc a mabuleki, mabushi, mphira zotchinga ma ball joint ndi timilomo tothirira gilizi.

Tsopano oyilo wakutha uja. N'zoona kuti mafuta amatchinga madzi, ndipo anthu ambiri amapopera oyilo wosakaniza ndi dizilo. Koma amafewetsa ndi kutupitsa mabushi a mphira, ndipo pakapita nthawi galimoto imayamba kugogoda. M'misewu yathu yafumbi amagwira dothi lonse n'kupanga phala lomata. Akadonthera pa mabuleki ndi ngozi, ndipo penti siidzagwiranso pamalopo mpaka mutatsuka movutikira. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi china: kupopera underseal, phula lakuda lochindikala lapansi pa galimoto, pamwamba pa dzimbiri losakwecha. Pansi pamaoneka ngati galimoto yatsopano, koma chinyezi chatsekeredwa m'kati ndipo chitsulo chikudyekabe osaoneka. Zili ngati kumata pulasitala pa bala losatsuka. Amene mukufuna kugula galimoto, mukapeza pansi ponse pali phula lakuda lonyezimira, funsani kuti labisa chiyani.

Kuno kwathu misewu siithiridwa mchere, ndiye mukakonza bwino dzimbirilo limayenda pang'onopang'ono kwambiri. Adani athu ndi matope a dzinja ndi feteleza. Urea, CAN ndi NPK zimakoka chinyezi ndipo zimadya chitsulo kwambiri. Thumba limodzi likabooka kumbuyo, mvula imatsitsira fetelezayo pa chasisi ndi masipuling'i. Mukatula katundu wotere, sesani ndi kutsuka tsiku lomwelo, pamwamba ndi pansi pomwe. Kupenta kuchitike nyengo youma, cha mu Ogasiti mpaka Okutobala mvula isanayambe, kuti chilichonse chiume bwino.

Mukatsuka, mujambulenso chasisi pomwe masipuling'i akumbuyo amamangiriridwa, mbali zonse ziwiri, ndi mapaipi a mabuleki pamwamba pa thanki, mutumize pano tione limodzi musanawononge ndalama pa penti.